Chingwe Cholemera, Nyambo ya Nthenga

Aliyense amene anakulira m'mbali mwa mtsinje amadziwa kuti mbedza imagwera patali chifukwa cha chimene wamangirira kunsonga kwa twaini: kamwala, nati yakale ya njinga, kachidutswa ka mtovu, kapena nyongolotsi yonenepa. Cholemeracho chimatsogola, twaini n'kumalondola pambuyo. Uwedzi umene ndikukamba pano unatembenuza zimenezi. Nyambo yake ndi nthenga, ubweya ndi ulusi zomangidwa pa mbedza, ndipo mutati muiponye ndi dzanja ingagwere pamapazi panu pomwepo. Cholemera ndi chingwe. Mwini wake amachikupiza m'mwamba ndi ndodo yaitali, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka chitatambasuka pamadzi, ndipo nyambo imangotengedwa ngati wokwera kabaza. N'chifukwa chake kusankha chingwe ndi kusankha nyambo ili nkhani imodzi, ngakhale m'sitolo amaziika m'mashelufu osiyana.

Pa Chingerezi nyamboyi amati fly. Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo mawu amenewa anandisowetsapo tulo. Kunena kuti "ntchentche" kungachititse owerenga kuganiza za kudzala ndi kuchimbudzi, n'kunyansidwa ndi nsomba yomwe. Komanso zimene timaponyera bass sizifanana n'komwe ndi ntchentche: zina ndi zazikulu ngati chala chachikulu, zina zimaoneka ngati chule, zina ngati kansomba. Ndiye ndizingoti nyambo ya nthenga, ngakhale zina zilibe nthenga ndi imodzi yomwe. Dzina la nsombayo ndalisiya mmene linabwerera, popeza makolo athu sanaidziwe. Ndipo ngakhale akatswiri a sayansi dzinali likuwaterereka: mtundu wa kukamwa kwakukulu umene kwa zaka zambiri unkalembedwa kuti Micropterus salmoides, kafukufuku wa mu 2022 anaupatsa dzina lakuti Micropterus nigricans, dzina lakalelo n'kupita kwa mbale wake wa ku Florida.

Kwawo kwa bass ndi ku North America. Kum'mwera kwa Africa kuno inabwera ndi anthu. Ya kukamwa kwakukulu inafika mu 1928 ku malo oswetsera nsomba a Jonkershoek, pafupi ndi Stellenbosch, itadzera ku Netherlands. Ya kukamwa kwakung'ono inatsatira mu 1937, ndipo ya ku Florida anaibweretsa ku Natal mu 1980. Kuchokera kumeneko inafalikira m'madamu a m'mafamu ndi a boma, mpaka ku Mutirikwi ndi Manyame ku Zimbabwe. Ndili mwana ku Zomba ndinkamva kuti m'damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri, muli nsomba ya dzina limeneli, koma kwa ife inali nkhani ya alendo a magalimoto. Nsomba zathu zinali matemba, makumba ndi mlamba za ku Chilwa, zobwera pa njinga m'madengu. Ndodo ya nyambo za nthenga ndinaigwira ndili wamkulu kale, nditasamukira ku Pietermaritzburg, ndipo madzi amene andiphunzitsa zambiri ndi a damu la Albert Falls, pa mtsinje wa uMngeni, komanso timadamu ta m'mafamu tozungulira kumeneko.

Pa bokosi la chingwe chilichonse pamakhala nambala. Nambalayi inachokera ku mgwirizano wa opanga zipangizo za uwedzi ku America mu 1961: amayeza kulemera kwa mapazi 30 oyambirira a chingwe, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Chingwe cha nambala 5 chimalemera magalamu 9 pa gawo limenelo, cha nambala 7 magalamu 12, cha nambala 8 magalamu 13 ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma mkono umakumva msanga. Anthu ambiri kuno amayamba ndi nambala 5 chifukwa ndiyo ya trout, nsomba imene uwedzi umenewu unatchukira nayo ku mapiri a Drakensberg. Akafika nayo pa bass amadabwa. Nyambo ya trout ndi kanthu konga njere ya mpunga. Nyambo ya bass ili ndi mutu wofutukuka, miyendo ya labala ndi mchira wa nthenga, ndipo mphepo imaigwira ngati chipewa. Chingwe chopepuka chimalephera kuikoka. Imazungulira m'mwamba, n'kugwa pamodzi ndi chingwe mu mulu umodzi, pena n'kumenya mwini wake pankhongo. Ine ndimasankha nambala 8. Bass yambiri imene ndimakola siposa kilogalamu imodzi, ndipo nambala 6 ingaigonjetse bwinobwino. Nambala 8 ndimaifunira nyambo, komanso mphindi ija nsomba ikangogwidwa n'kuthamangira m'nthambi za mtengo womira, pamene uyenera kuikana zolimba nthawi yomweyo apo ayi wataya zonse.

Koma nambalayo musamaikhulupirire kwathunthu. Makampani ambiri masiku ano amapanga zingwe zolemera ndi theka la nambala, kapena nambala yathunthu, kuposa zimene alemba pabokosi, kuti zigwirizane ndi ndodo zolimba za makono. Ena amanena zimenezi poyera m'zilembo zing'onozing'ono kuseri kwa bokosi, ena ayi. Womasulira aliyense amalidziwa vuto limeneli: mawu akhala omwewo, tanthauzo lasuntha, ndipo palibe amene analengeza. Choncho ndimatembenuza bokosi n'kuyang'ana kulemera kwenikweni, ndipo ngati wogulitsa alola, ndimapempha kuyesa chingwe cha mtundu womwewo pa kapinga.

Kupatula kulemera, pali mmene kulemerako anakugawira. Chingwe cha nyambo za nthenga sichifanana kunenepa kuyambira kunsonga mpaka kumapeto. Chimene chimayenera bass ndi cha mutu waufupi, chimene kunenepa kwake konse kunaunjikana kutsogolo ndipo chimasongoka mofulumira. Cha trout chimasongoka pang'onopang'ono kuti nyambo itere mwakachetechete ngati tsamba. Bass sifuna ulemu wotere. Chule akadumphira m'madzi amachita phokoso, ndipo nyambo ikagwa kuti thapwi! nthawi zambiri nsomba imatembenuka kudzaona. Mutu waufupi umathandizanso poti malo abwino a bass amakhala othina: kumbuyo kuli bango kapena minga, ndipo mpata wokupizira chingwe ndi umodzi kapena iwiri basi. Kachingwe ka nayiloni kolumikiza chingwe ndi nyambo, kamene amati lida, nakonso kazikhala kafupi ndi konenepa, mamita awiri akwana, ndipo kunsonga kwake kazitha kupirira makilogalamu 6 kapena 7. Bass siichita mantha ndi nayiloni ngati mmene trout imachitira.

Pali chinthu china chimene mabuku ambiri amangochidutsa, pamene kwa ife ndi chachikulu: kutentha. Chingwe chili ndi ulusi mkati ndi chikutiro cha pulasitiki kunja. Chopangidwira mitsinje yozizira ya ku Ulaya kapena kumpoto kwa America chimakhala chofewa kuti chisaume m'madzi ozizira. Chiikeni pa thabwa la bwato masana a mu Febuluwale ku Albert Falls, chimalobodoka, n'kumamata m'timphete ta ndodo, n'kumapiringizana ngati chingwe cha mbuzi pachikhomo. Ena pothawa zimenezi amagula zingwe za kunyanja zotentha, zolimba mkati. Zimagwira ntchito bwino m'chilimwe, koma m'mawa wa mu Julaye, chisanu chitayera pa udzu, zimakhala zopotana ngati waya wa sipuling'i ndipo sizifuna kuwongoka. Chaka chathu chili ndi zonse ziwiri. Chimene chimatikwanira ndi chapakati, chopangidwira madzi ofunda a m'madamu ndi m'mitsinje, ndipo m'nyengo yozizira umachiwongola ndi manja mkono ndi mkono usanayambe kuwedza.

Tsopano funso limene limavuta munthu wa ndalama zowerengeka. Zingwe zilipo zoyandama, zomira pang'onopang'ono kwambiri, ndi zomira msanga, zimene zimatsika mainchi atatu, asanu, kapena kuposa apo pa sekondi. Magazini a zauwedzi amanena ngati kuti munthu aliyense ali nazo zonse, chilichonse pa chokulungira chake. Mtengo wa chingwe chabwino chimodzi ndi ndalama imene ineyo, pamene ndikutumizanso kangachepe kumudzi mwezi ndi mwezi, ndimayenera kuiganizira kawiri. Amene angakwanitse chimodzi chokha agule choyandama, asamvere za wina. Ndi choyandama ukhoza kuwedza pamwamba, ndipo ukamangirira nyambo yolemera ndi kutalikitsa lida ukhoza kufika mita imodzi ndi theka kapena iwiri pansi. Ndi chomira sungawedze pamwamba, ndipo m'mphepete mwa damu momwe muli udzu chimangokoka zinyalala. Chimene umataya posankha choyandama ndi miyezi yozizira, pamene bass imatsikira m'madzi akuya n'kumayenda mwaulesi. Imeneyo ndi miyezi imene ntchito ya zomasulira imandichulukira kale, ndiye sindidandaula kwambiri.

Nyambo zotchuka za bass zinapangidwa ndi anthu amene ankayang'ana madzi a kwawo. Russell Blessing wa ku Pennsylvania anamanga Woolly Bugger mu 1967 pofuna kutsanzira kachilombo kena kokhala pansi pa miyala m'mitsinje ya kumeneko. Bob Clouser anamanga Clouser Minnow mu 1987 chifukwa cha bass ya kukamwa kwakung'ono ya mu mtsinje wa Susquehanna. Larry Dahlberg ndiye mwini wa Dahlberg Diver. Mayina amenewa mudzawapeza m'sitolo iliyonse ya zauwedzi ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Harare. Funso langa nthawi zonse limakhala lakuti: nsomba ya m'damu lino, imene sinaonepo Susquehanna, ikaiona nyamboyi imati n'chiyani?

Woolly Bugger ndi yosavuta kuyankhira. Ili ndi mchira wa nthenga zofewa zimene zimapuma m'madzi ngakhale chingwe chitaima, ndi thupi lokulungidwa nthenga ya tambala. Yakuda imakhala mbululu kapena msundu. Yobiriwira modera imakhala mwana wa tombolombo, amene amakhala m'madzi miyezi yambiri asanamere mapiko ndipo amasuntha modumphadumpha potulutsa madzi kumbuyo kwake. Ndiye umaikoka motero: kukoka pang'ono kawiri, n'kuima. Si yokongola, ndipo m'bokosi palibe amene angaiyamikire, koma tsiku limene zina zonse zakanika imeneyi ndiyo imapulumutsa ulendo.

Clouser Minnow ndi nzeru ya mmisiri. Ili ndi timaso tiwiri ta mtovu kapena ta chitsulo tomangidwa pamsana pa mbedza, ndipo kulemera kwake kumatembenuza nyambo kuti nsonga ya mbedza iyang'ane kumwamba. Motero imadutsa pa miyala ndi pa zitsa popanda kukodwa kawirikawiri, ndipo ukasiya kukoka imagwa chamutu ngati kansomba kovulala. Bass imakonda kuigwira nthawi imene ikugwayo. Mtundu wake wotchuka ndi woyera pamodzi ndi wobiriwira mowala ngati ndimu yosapsa, ndipo kunonso umagwira, makamaka madzi akada. Koma Clouser ndi yowonda ngati usipa, pamene chakudya chachikulu cha bass m'madamu athu ofunda ndi ana a nsomba za mtundu wa chambo. Imene anthu kuno amati blue kurper ndi makakana omwe aja a ku Chikwawa ndi Nsanje. Mwana wa makakana ndi wamfupi, wotambalala m'mbali, wotuwa mobiriwira, wa mizere yosaoneka bwino. Choncho ndimamanga yanga yonenepa kuposa ya m'sitolo, ya mimba yoyera ndi msana wobiriwira modera, ndipo m'mbali ndimaika nthenga imodzi ya nkhanga uku ndi uku. Madontho a nkhanga m'madzi amaoneka ngati mamba. Nthengazo ndimatola m'mbali mwa minda popita kudamu, sindigula. Kumanga nyambo ndi zinthu za kuno si chachilendo: anthu a trout a ku Dargle anatchuka ndi nyambo yawo ya DDD imene ankaimanga ndi ubweya wa chinkhoma, popeza ubweya wake ndi wamphako ngati wa gwape wa ku America ndipo umayandama.

Nyambo za pamwamba ndizo zimachititsa munthu kudzuka mbandakucha. Pali popper, ya mutu wa kokolo kapena wa siponji yolimba wokumbika kutsogolo, imene ukaikoka mwamphamvu imalira kuti phu! Pali Dahlberg Diver, ya ubweya wa gwape wometedwa mosiya kolala kumbuyo kwa mutu: ukakoka imamira ikutulutsa thovu, ukasiya imabwerera pamwamba pang'onopang'ono, ndendende chule amene watopa. Zonse ziwiri zimafuna chinthu chimene anthu ophunzira sukulu yambiri tilibe, ndicho kudikira. Nyambo ikagwa pafupi ndi masamba a kakombo, usaikhudze mpaka timafunde tonse titatha. Kenako igwedeze pang'ono chabe, n'kudikiranso. Bass imamva kugwedezeka kwa madzi ndi mzere wa m'mbali mwa thupi lake, ndipo nthawi zambiri imakhala ili pansi pa nyambo kale, ikuyang'ana. Ikaganiza zodya imatsegula kukamwa kwake kuja, kumene nsagwada yake imapitirira diso, n'kumeza nyambo pamodzi ndi madzi. Pamenepo dzanja limafuna kukweza ndodo msanga, koma chofunika ndi kukoka chingwe ndi dzanja linalo, ndodo ili pansi, mpaka utamva kulemera. Mbedza zake ndi zazikulu, kuyambira nambala 2 mpaka 2/0, zotseguka kwambiri kuti mutu wa nyambo usatseke nsonga. Ndipo nyambo iliyonse yoponyedwa m'udzu izikhala ndi kauta ka nayiloni yonenepa koteteza nsonga ya mbedza. Kamataitsa nsomba imodzi ndi imodzi, inde, koma popanda iko theka la nthawi umathera kuchotsa ndere.

Za mitundu ndili ndi malamulo awiri okha. Madzi akayera, nyambo ifanane ndi zimene zikusambira pamenepo. Dzuwa likalowa, kapena mvula ikasandutsa damu kukhala lofiira ngati thobwa, ndimamangirira yakuda ndi yamutu waukulu, chifukwa nsomba yoyang'ana kumwamba imaona chithunzithunzi chabe, ndipo chakuda ndicho chimaoneka bwino. Zina zonse zimene zimadzaza makoma a sitolo zimakola wogula.

Kalendala nayo imafuna kutembenuza. Buku la ku America likanena za Epulo ndi Meyi, nthawi imene bass imakwera m'madzi osaya kukaswana, kwa ife ndi Seputembala ndi Okutobala. Yaimuna imasesa malo pansi, n'kulondera mazira kenako tiana, ndipo chilichonse choyandikira imachiluma chifukwa cha ukali, ngakhale ilibe njala. Kuikola pamenepo n'kosavuta kwenikweni, ndipo ine sindikuona chonyadira pa zimenezo. Koma pali tsiku lina limene mabuku amenewo sangalidziwe: madzulo a pambuyo pa mvula yoyamba, inswa zikatuluka n'kumagwera pamadzi. Damu lonse limawira. Makakana, mlamba ndi bass zonse zimakwera pamwamba. Pamenepo popper wamkulu alibe ntchito, chofunika ndi kanyambo kakang'ono ka thupi lofiirira ndi mapiko awiri aatali otuwa. Ndimasunga ziwiri m'ngodya ya bokosi chaka chonse chifukwa cha madzulo amodzi kapena awiri amenewo, ndipo ndikaima pamenepo ndimakumbukira kuti kwathu tikanakhala tili ndi chidebe ndi nyali, tikulimbirana inswa zomwezo ndi achule.

Tsiku lina ndinatumizira amalume anga ku Zomba chithunzi cha bass yabwino ndithu, ndili nayo m'manja m'mphepete mwa madzi. Anaimba foni nthawi yomweyo.

"Mphwanga, imeneyi mwaphika bwanji?"

"Ndinaibwezera m'madzi, amalume."

Anakhala chete kanthawi. "Ndiye kuti unapita kukaipatsa moni basi?"

Anthu a mipikisano ya bass kuno amalemekeza kwambiri kubwezera nsomba m'madzi, ndipo pa damu lalikulu la anthu ambiri ndimamvetsa chifukwa chake. Koma funso la amalume lili ndi mbali ina imene iwo sanaiganizire n'komwe. Bass ndi mlendo wolusa. M'mitsinje ya ku Western Cape, kumene tinsomba ta zipsepse zofiira tinakhala zaka zosawerengeka popanda mdani wotere, bass inatimaliza m'madera ambiri, n'kutsala kokha kumtunda kwa mathithi kumene siingakwere. Mu 2012 ndi 2013 bungwe la CapeNature linathira mankhwala a rotenone m'gawo lina la mtsinje wa Rondegat, ku Cederberg, kuti liphe bass ya kukamwa kwakung'ono, ndipo nsomba za komweko zinabwereranso. Malamulo a South Africa a 2014 okhudza zamoyo zobwera zowononga anaiika bass pa mndandanda wawo. Choncho nsomba imodzimodziyo pa damu lina amaipsompsona n'kuibweza, pa mtsinje wina kuibweza ndi kuwononga. Ine maganizo anga ndi awa: pamene malamulo a malowo akulola, bass yapakatikati ndi ndiwo yabwino, ya mnofu woyera ndi minga yochepa, ndipo m'timadamu ta m'mafamu momwe zachulukana mpaka kupinimbira, kutengako zingapo kumathandiza zotsalazo kukula. Chimene sindingachite, ndipo ndimakangana nacho ndi anzanga ena, ndi kunyamula yamoyo mu ndowa kukaithira m'madzi ena. Ndikaganiza za matemba a ku Chilwa ndi m'mitsinje yotsikira kumeneko, ndi mabanja amene amadya ndi kuphunzitsa ana chifukwa cha tinsomba timeneto, nyambo yanga yooneka ngati kansomba ndimaiyang'ana ndi diso lina. Imagwira bwino chonchi chifukwa chakuti bass imadyadi ana a nsomba za eni dziko.

Bokosi langa ndi chitini chakale cha mabisiketi chimene ndinamatamo siponji. Muli Woolly Bugger zinayi, ziwiri zakuda ndi ziwiri zobiriwira, Clouser zitatu, ana a makakana anga a nthenga za nkhanga, popper mmodzi wachikasu ndi wina wakuda, Dahlberg Diver ziwiri zimene mano a bass azisosola mpaka kolala inatsala theka, ndi inswa ziwiri zija. Chingwe choyandama cha nambala 8 chili m'chaka chake chachitatu. Ndikabwera kudamu ndimachitsuka m'beseni ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, chifukwa fumbi ndi ndere ndizo zimachimiza, ndipo sindichisiya m'galimoto padzuwa. Kunsonga kwake kwayamba timing'alu. Chikadzatha ndidzagulanso choyandama, ndipo chomira chija chidikire kaye mpaka mlongo wanga wamng'ono atamaliza Fomu 4.